Rampu ya Ba Esinati

Anzanga, cholinga changa chinali chabwino, zimenezo ndiyambe ndanena musanayambe kuseka. Zinali zaka zija boma litangosintha, salaula, zovala zakale zochokera kunja, atadzaza misika yonse, makampani akugulitsidwa, ife a zaumoyo tikungoitanidwa ku mawekishopu mwezi ndi mwezi. Ine ndinali wa zaukhondo pa kakiliniki kena chakumadzulo kwa Lusaka, dzina lake tisalitchule, ntchito yanga kuthira mankhwala m'zitsime, kuyendera zimbudzi ndi kukangana ndi ogulitsa nyama. Ndinali mnyamata wa mafuta m'tsitsi, nsapato yonyezimira ngakhale m'matope a ku komboni ya George. Ha, masiku amenewo!

Ndiye anandituma ku wekishopu ya masiku atatu pa hotela ina m'tauni. Kumeneko anatiphunzitsa kuti pantchito pasakhale tsankho: mkazi, mwamuna, wolumala, wa mtundu uwu, wa chipembedzo icho, onse alandiridwe mofanana, ndipo kiliniki iliyonse ilembe lonjezo lake n'kulikhoma pakhoma. Ndinabwerako ndi setifiketi, sikipa yolembalemba ndi mutu wofufuma ngati dzungu. Ba Sisita Mulenga, amene ankatiyang'anira, anangoti, "Ba Tembo, popeza ndimwe munadya masamusa, ndimwe muzayendetsa iyi nkhani."

Ndinayamba ndi malonje. Ndinati aliyense ndizimupatsa moni m'chilankhulo cha kwawo. Mlonda wathu tinkangomuitana kuti Ba Monze, ine n'kuganiza kuti ameneyu ndi Mtonga basi, poti Monze ndi tauni ya Atonga, ndipo sabata yathunthu ndinkaima pageti n'kukuwa kuti, "Mwabuka buti, Ba Monze!" Munthu uja ankangondiyang'ana. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatopa nane. "Ba Tembo, neo nine Munsenga wa ku Petauke. Ku Monze n'nangosewenzako chabe." Petauke! Ine kwathu ku Katete, basi imodzi, anansi enieni. Kodi munthu wanzeru sakanaphunzirapo pamenepa? Ine ayi.

Nkhani yaikulu inali ya Ba Esinati, kalaliki wathu wa makadi. Poliyo inawapha miyendo ali mwana, ndipo ankabwera kuntchito pa njinga yopalasa ndi manja kuchokera ku George. Pakhomo pa kiliniki panali masitepe anayi, ndiye m'mawa uliwonse amuna awiri ankawanyamula ngati thumba la ufa, mayiwo akuseka koma maso ali kumbali. Amunawo akachedwa, mayi ankadikira panja, mvula ikuwakhuthukira, odwala akuwadutsa. Anali atayamba kunena zosiya ntchito, chonsecho munthu ameneyu ankadziwa khadi la mwana aliyense wa m'komboni popanda kufunsa nambala. Ine ndinati, apa ndiye pamene dzina langa lidzamvekere. Timanga rampu, kanjira kotsetsereka ka simenti, ndipo tiwadzidzimutse. Kuwafunsa eni ake? Kufunsiranji, poti setifiketi ndili nayo ndine?

Ndinaitana Ba Saidi, mmisiri womanga, Msilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi, membala wa komiti yathu ya zaumoyo ya m'komboni. Anayeza ndi chingwe chake, napukusa mutu.

"Ba Tembo, iyi rampu izaimilira maningi. Tiitalikiseko, ifike uko ku maluwa."

Maluwa amenewo ndinabzala ndine, anzanga, ndi manja angawa. Ndinawayang'ana Ba Saidi kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Ba Saidi, imwe munapitako ku wekishopu?" Munthu wamkulu anangotola chipande chake n'kuyamba kuponda simenti.

Tsiku lotsegulira ndinasankha ndekha: Lachisanu, masana. Ndinaitana bwana wina wa ku ofesi ya zaumoyo, ndinakonza maheu ndi vitumbuwa, amayi a kusikelo ya ana ndinawaletsa kupita kuti anthu aoneke ambiri. Mvula inali itagwa m'mawa wonse, ngalande ya kunja kwa geti itadzaza mpaka pakamwa ndi madzi aja amtundu wa tiyi. Ndinawerenga lonjezo lathu m'Chingelezi chonenepa, amayi akuyasamula, kenako ndinati tsopano tionetse umodzi. Ndinaitana Ba Saidi kutsogolo, n'kuwagwiritsa kapu ya maheu. Anakana ndi dzanja. Ine poganiza kuti ndi manyazi a anthu akale, ndinaikankhira kapuyo mpaka pa ndevu zawo, uku ndikunena kuti, "Pano palibe tsankho, imwani!"

"Ba Tembo," anatero motsitsa mawu, "ni mwezi wa Ramadani, nikusala. Ndipo manje anzanga bali ku mzikiti, ine nili pano chifukwa cha imwe."

Mayo ine! Ba Sisita anabisa nkhope m'faelo. Ndinamwa ndekha maheuwo, kapu yonse osapuma, ngati ndi zomwe tinapangana.

Ndiye kuti ndikwirire manyazi, ndinathamangira ku rampu. Tinavundukula nsalu imene tinaphimbira rampuyo, anthu n'kuwomba m'manja, ine n'kunena kuti Ba Esinati, amene anali atanyamulidwa kale m'mawa ndipo anali pakhonde, akhale oyamba kutsikirapo. Mayi uja anapalasa mpaka m'mphepete, anasuzumira pansi, anandiyang'ana, anasuzumiranso.

"Ba Tembo, yambani ndimwe. Ine nizaona mwamene muchitila."

Mukanakhala inu mukanatani, bwana ali pomwepo, amayi makumi angapo akuyang'ana? Ndinaitanitsa chikuku cha odwala, chija mabuleki ake anapita pamodzi ndi boma lakale. Ndinakhalamo, ndinakonza tayi, ndinati, "Onani mmene zilili zosavuta."

Mawu akuti zosavuta ndinawamalizira m'mwamba. Chikuku chinanyamuka ngati minibasi yothamangitsidwa ndi apolisi, amayi anabalalika ana ali kumsana, ine ndikugwira matayala, matayala akundiotcha zikhatho. Ndinadutsa maluwa anga aja, ndinadutsa tebulo la vitumbuwa, ndipo geti linali chitsegukire chifukwa cha galimoto ya bwana. Ndinamva mlonda akukuwa m'Chinsenga chenicheni chakwawo, koma zomwe ankanena sindinazimve, poti ndinali nditafika. Phava! M'ngalande, mutu pansi, chikuku pamwamba. Wa zaukhondo, amene dzulo lake lomwe ankauza anthu kuti madzi amenewo asawakhudze ndi chala chomwe.

Amene anandivuula ndi Ba Saidi, munthu wanjala, atapinda buluku mpaka m'mawondo. Anangondichotsa pepala la pulasitiki pakhutu. Bwana uja anaseka mpaka kutsamira galimoto yake. Antchito anzanga anandiimika pabwalo n'kundithira ndowa zitatu za madzi a mankhwala omwe ndinasungunula ndekha, ndipo ndili chinyowere choncho, Ba Esinati anandikodola kuchokera pakhonde, misozi ya phwete ili mbwembwembwe.

"Ba Tembo, zikomo, mwayesa. Koma sembe munanifunsa. Kumbuyo kuli chitseko chilibe sitepe olo imodzi. Nakhala nichipempha zaka zitatu, baniuza ati mukati mwadzaza vigubu na mapampu ya wa zaukhondo, na kiyi ili na beve."

Wa zaukhondo pa kiliniki ija analipo mmodzi. Ndinapisa m'thumba la buluku lonyowalo, kiyi ndi iyi.

Madzulo omwewo ndinasamutsa zigubu zanga. Lolemba lake Ba Esinati analowa okha pantchito, osakhudzidwa ndi dzanja la munthu, ndipo anakhala pa makadi paja mpaka anapuma. Ba Saidi anadzaswa rampu ija n'kumanga ina yaitali yodutsa pa maluwa anga, Ba Esinati ali pambali kuwauza poyambira ndi pothera. Lachisanu masana sitinaikenso msonkhano, ndipo mwezi wa kusala ukatha Ba Saidi ankatibweretsera mpunga wa nyama m'beseni, tonse n'kudyera pakhonde, Mbemba, Mnsenga, Mchewa, tikuseka za ine. Ena mwa anthu amenewa anatisiya, ena anabwerera kumidzi, kiliniki anaikuza moti ndikadutsa sindiizindikira. Ndimawasowa, anzanga, ndimawasowa kwambiri.

Chiyambire tsiku lija, munthu ndisanamuthandize ndimayamba ndamufunsa, ndipo ndikafunsa ndimatseka pakamwa. Koma zokwera chikuku pamaso pa anthu, ayi, ngakhale mutandilonjeza masamusa a Lusaka yense. Tsiku limene ndidzakwerenso, mudziwe kuti ndadwaladi, ndipo chonde wina agwire kumbuyo.