Magiya a Galimoto Yofiira

Lolemba

Bwana wa esiteti avomera! Ndikhoza kubwereka galimoto yofiira ija, ya mipando iwiri, yopanda denga, imene ili m'shedi kuseri kwa fakitale ya tiyi chichokereni mwini wake. Loweruka mwana wanga Esinati apita ku ukwati wake m'galimoto imene malemu bambo anga anaitsuka zaka zambiri osakhalamo ngakhale kamodzi. Ndamulonjeza kale. Iyenso wauza kale akuchimuna.

Injini ikulira tikapukusa hendulo. Kuyenda ndiye ayi. Ndaimba foni kusitolo ya zitsulo ku Limbe. Akuti: "Ndi yosintha magiya ndi dzanja, kapena imasintha yokha? Mutiuze kaye." Ndati mawa.

Lachiwiri

Pamutu pa ndodo ya magiya payenera kukhala manambala. Palibe. Pali see ngati dzira. Ndikuwaona bambo m'mawa uliwonse, kansanza m'manja, akuuzirapo mpweya n'kumapukuta. Anapukuta mpaka manambala kutha. Ndakhala m'shedimo kanthawi, dzanja lili pandodopo.

Kenaka kuwerenga. Ndodo ikupita kutsogolo, m'mbuyo, kumanja, kumanzere, ndiponso ikuzungulira. Magiya asanu ndi anayi!

Lachitatu

A Fulaye, makaniko wa ku Nkando, afika pa njinga. Akuti n'zosavuta: zopondera zitatu ndiye ya dzanja, ziwiri ndiye yosintha yokha. Tapeza:

zopondera ziwiri,
bowo limodzi,
khoswe.

Sitikudziwa ngati bowolo ndi lachibadwa. A Fulaye akuti alowe pansi akaone. Pansipo nkhuku ya akazi a mlonda yafungatira. Mayiwo, manja m'chiuno: "Mukaisuntha, achimwene, mazirawo mufungatira ndinu." Akuti iswa Lachisanu.

Lachinayi

A Fulaye sanabwere. Anaiwala khadi la chipani, awabweza pamsika. Ndafunsa okalamba a pano.

Amene ankaphikira mwini galimoto: "Imasintha yokha. Dzanja linalo linkakhala ndi kaliwo."

Dalaivala wakale wa lole: "Bodza! Ikakwera ku Likhubula ndinkaimva ikumeza mate katatu."

Mkazi wanga: "Kapempheni thirakitala isanatengedwe ndi ena."

Esinati akufunsa ngati mphepo siidzamuulutsira chophimba kumutu. Ndamuuza amange zolimba.

Lachisanu

Anapiye asanu ndi atatu. A Fulaye akwawira pansi, akhalitsako, atuluka, asasa thalauza.

"Akulu, bokosi la magiya mulibe."

Ndodo ija anaimangirira kuthabwa ndi waya. Mlonda, maso ali kuphiri, akuti bokosilo linapita kalekale ku chigayo cha ku Milonde, pamodzi ndi chopondera chachitatu. "Nanga munandifunsa ngati lilipo? Mumafunsa mtundu wake."

Ndapalasa njinga mpaka ku Milonde. Ndi lomwelo. La dzanja, magiya anayi! Mwini chigayo akuti mgaiwa amagaya pa yachiwiri, ufa woyera pa yachitatu, yobwerera m'mbuyo sanaipezerebe ntchito. Ndikuti ndiyambe kulipempha, ndikuona pamzere alamu anga ndi matumba a chimanga cha ukwati wathu womwewu. Ndawapatsa moni n'kubwerako.

Thirakitala yatengedwa.

Loweruka

Amalume a mkwatibwi atatu, amuna a kwaya anayi, ndi a Fulaye. Onse kumbuyo akukankha, majekete atavula. Ine pachiwongolero, Esinati pambali panga. Injini taliza ndithu, kuti ulemu ukhalepo.

Chophimba kumutu sichinagwedezeke n'komwe. Azimayi oyenda pansi atipitirira, akafika kutchalitchi, abwerera kudzatiimbira. Pachitunda cha pamlatho akuchimuna nawonso avula majekete. Mmodzi, akupuma wefuwefu: "Apongozi, ikani yachiwiri!" Ndasuntha ndodo.

Esinati wagwira mutu wa ndodo uja n'kufunsa chifukwa chake uli wosalala chonchi. Ndamuuza za agogo ake. Sanachotsepo dzanja mpaka pakhomo la tchalitchi.

Lamulungu

Msana wa amalume aakulu wauma, akundiyankha moni ndi mutu wokha. Ndalemba kalata ya ku Limbe: galimoto ndi ya dzanja, magiya anayi, onse ali bwino ndipo akugwira ntchito ku Milonde. Musatumize kanthu.

Tabweza galimoto kushedi, mokankha. Anthu atachoka ndauzira mpweya pamutu pa ndodo n'kupukuta ndi mpango wanga. Pansi palowa kale nkhuku ina.