Tsiku Limene Ndinakhoma Malamulo pa Chipoka

Mpaka lero mvula ikati ibwere, chiuno changa ndicho chimayamba kudziwa. Chifukwa chake ndi ichi.

Nditasiya sukulu ya uphunzitsi (ine ndimati ndinasiya, akuluakulu a kumeneko amafotokoza mwina), ndinalowa ntchito pa doko la Chipoka, mwezi umodzi woyesedwa. Bambo anali atanenetsa kuti ndikalepheranso kumeneku, ndikaingitsa mpheta m'munda wa mpunga ku Lifuwu mpaka imvi.

Kunali kutangofika makina onyamula matumba, a nyanga ziwiri zachitsulo kutsogolo. Anthu ankangoti Chipembere. Kapitawo wathu, a Mbewe, anandipatsa pepala la malamulo ake.

"Inu aphunzitsi, si munafika ku koleji? Awerengereni anzanuwa m'Chinyanja."

Ndinawerenga nditaimirira pa bokosi, chala m'mwamba. Lamulo loyamba: munthu asakwere pa nyanga. Ndinalibwereza katatu, ndikuyang'ana aliyense m'maso. Kenako ndinalemba malamulowo pa thabwa, ndipo ndinaona kuti mawu okoma chotere ayenera kukhala pamwamba pa khomo la shedi. Makwerero anali kutali. Chipembere chinali pompo.

"A Saidi, tandikwezani pang'ono," ndinauza woyendetsa.

"Wallahi, aphunzitsi, si inu mwangoletsa?"

"Lamulo limayamba kugwira ntchito likakhomedwa."

Anandikweza. Msomali woyamba unalowa bwino. Wachiwiri unafuna kuti ndinyanyamphire pang'ono, ndiye nsapato zanga za ku koleji (pa anyamata onse wovala nsapato ndinali ndekha) zinaterereka pa chitsulo. Ndinatsika popanda thandizo la a Saidi, n'kukafikira m'dengu la usipa wouma la mayi wina wodikira sitima.

"Mayo ine, usipa wanga!" Za ine sanafunse.

A Mbewe anafika. Anayang'ana thabwa likulendewera ndi msomali umodzi, kenako anayang'ana ine. M'makutu mwanga mpheta za ku Lifuwu zinali zitayamba kale kuimba.

"Chavulala n'chiyani?"

"Chiuno, bwana. Ndi ulemu pang'ono."

"Pepala lija anthuwa sanalimve," anatero, "koma izi amva. Mawa mudzawafotokozerenso. Mudzabwere mukutsimphina choncho."

Ntchito sinandithere. Kuyambira pamenepo aliyense watsopano ankayamba wamva nkhani yanga asanagwire thumba, ndipo nthawi yanga yonse palibe anakweranso nyanga zija.

Msomali wachiwiri uja anakhoma ndi a Saidi, pa makwerero. Ine ndinawagwirira makwererowo ndili pansi, wopanda nsapato.