Nambala Ziwiri za a Yotamu Telala

Mwambi uja timangoloweza pokonzekera mayeso a Chichewa, wa mapanga uja, chiyambi chake chapezeka, anzanga, ndipo mukachimva simudzaulakwanso. Unayamba motere.

Kuseri kwa msika wa pa Mwalawoyera kuli phiri la mapanga awiri, lina m'munsi, lina kumtunda, pakati pake kilomita imodzi ya chikweza chokhachokha. Phanga la m'munsi linali la othamanga marathoni, mpikisano uja wa makilomita makumi anayi ndi awiri, ndipo kochi wawo anali a Gomani, msilikali wopuma. La kumtunda linali la gulu la mayi Esinati, namwino, amene anabweretsa masewera otchedwa tirayatiloni: usambire, ukavuuka ukwere njinga, ukatsika njinga uthamange. Dzinalo linkaluma lilime, choncho anthu ankangoti za patatu.

Makochi awiriwa sankamwerana madzi. A Gomani ankati za patatu ndi za anthu olephera kusankha, mayi Esinati n'kumati a marathoni amangothawa popanda chowathamangitsa.

Tsono panali a Yotamu Kadzakumanja, telala wosoka mayunifomu pakhonde la golosale, wothamanga wa gulu la a Gomani. Chiyambire ubwana wawo ankalakalaka chinthu chimodzi chokha, nambala ya mpikisano pachifuwa, yogwidwa ndi mapini anayi. Chaka chimenecho gulu la a Gomani linapatsidwa malo amodzi okha ku marathoni ya ku Blantyre, ndipo aliyense, ngakhale ansanje, ankadziwa kuti malowo ndi a telalayo. Chinkangotsala n'kupambana tsiku losankha.

Ndiye tsiku lina mayi Esinati anabwera kudzasoketsa zipi, chisoti chofiira cha njinga kumutu, magalasi osambirira ali lende m'khosi. Pocheza anatchula kuti nawonso ali ndi malo amodzi ku mpikisano wa ku Salima, ndipo kumeneko nambala amaika kumsana. Phazi la a Yotamu linaima pa makina.

Madzulo anafotokozera akazi awo, Nangozo, kuti akufuna nambala ziwiri, ina kutsogolo, ina kumbuyo. Nangozo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi.

"Bambo a Mwandida, nanga miyendo yoonjezera mukaitenga kuti?"

Iwo anaseka, n'kunena kuti nkhani za masewera ndi zakuya.

Mvetserani tsopano pamene panagona tsoka. A Gomani anali ndi lamulo loti Lolemba ndi Lachinayi aliyense apume, chifukwa, ankatero, mphamvu imalowa m'thupi munthu atagona. Mayi Esinati nawonso anali ndi lamulo lomwelo, koma iwo ankapumitsa Lachiwiri ndi Lachisanu. Masiku opuma a m'munsi ndiwo anali masiku owawa a kumtunda, opuma a kumtunda owawa a m'munsi. A Yotamu ataona zimenezi anati ndi Mulungu wakonza. Analowanso gulu la mayi Esinati, osauza kochi aliyense za mnzake. Lolemba, a Gomani akuganiza kuti munthu wawo watambalala pamphasa, iwo anali m'damu kumeza madzi. Lachiwiri, mayi Esinati akuganiza chimodzimodzi, iwo anali pachikweza lilime panja. Masiku otsalawo ankathamanga m'mawa, masana n'kupalasa njinga ya alamu awo.

Sabata yoyamba zinkakoma kwambiri. Yachiwiri zinkakomabe pang'ono. Pofika yachinayi miyendo inalemera ngati minsi, mtima unkagunda m'mawa ngati athamanga kale, chimfine chosatha, chakudya osachifuna, ndipo ankakalipira ngakhale nkhuku.

A Gomani anayang'ana wotchi yawo n'kupukusa mutu. Anati vuto ndi lokhala pampando tsiku lonse, ulesi walowa m'mawondo, ndipo mankhwala ake n'kukwera chikweza kasanu ndi kawiri m'malo mwa kasanu. Mayi Esinati, poona munthu akusambira ngati mtondo, anawayeza malungo, osapezeka. Anawafunsa ngati akupuma masiku opuma. A Yotamu analumbira kuti akupuma mpaka kutopa nako. Mayiwo anati ndiye kuti kupumako kwachuluka, n'kuwaonjezera maulendo awiri owoloka damu.

Ku makina nako zinthu zinasokonekera. Ankasinza phazi likupondabe. Thalauzi la aphunzitsi aakulu linatuluka ndi mwendo umodzi waukulu ngati thumba la chimanga, ndipo diresi ya mwana wina wa Sitandade 4 inapita kwawo ilibe potulukira mutu. Nangozo ankangomasula ulusi.

Kenaka anamva kuti magulu onse awiri asankha munthu wawo Loweruka limodzi, m'mawa umodzi. Munthu wina akanagwa mphwayi, koma a Yotamu anawerengera pa zala: ayankhe dzina m'munsi, akwere akayankhe kumtunda, kenaka aone amene ayambe msanga. Anapempha Nangozo kuti awabweretsere tiyi wa m'fulasiki. Atafunsidwa kuti ku phanga liti, anati kulikonse awapeza.

Lowerukalo kunacha ndi mitambo yabii. A Yotamu atangoyankha dzina m'phanga la m'munsi, mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. A Gomani analengeza kuti adikira ikate, ndipo ikangokata aliza wezulo, amene sali m'phanga nthawi imeneyo zake zada. A Yotamu anagwira pamimba, anati akupita kuthengo, n'kuliyatsa liwiro chokwera.

Anafika kumtunda ali chonyowa, anayankha dzina, anavala chisoti ndi magalasi. Mayi Esinati analengeza mawu omwewo ngati anapangana. A Yotamu anakhala pansi pang'ono, koma mtima unali m'munsi. Bwanji ikakata tsopano? Nambala ya pachifuwa ija! Anagwira pamimba.

"Achimwene, mwadya chiyani?" anafunsa mayi Esinati.

"Mango osapsa, mayi."

Anatsika. M'munsi anavula chisoti n'kuchibisa m'malaya ngati mimba, anakhala mphindi zitatu, mtima unabwerera kumtunda. Anagwira pamimba. A Gomani anati mphwanga, ukapitanso kachitatu udzabwera wopanda matumbo. Anakwera. Anatsika. Anakweranso. Anzawo onse, m'munsi ndi kumtunda, anali gwa, ouma, akudya nthochi ndi kuwongola miyendo, pomwe iwo anali atathamanga kale makilomita asanu m'matope mpikisano usanayambe.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi, pakati penipeni, pamalo opanda ngakhale kamtengo kobisalapo, miyendo inati basi. Katumba wa kumanja anakokana, wa kumanzere anamutsatira. A Yotamu anakhala pansi m'matope kuti thapsa, ndipo mvula inawasambitsa monga mmene damu linali lisanawasambitsirepo.

Kenaka inakata. Kumtunda wezulo, m'munsi wezulo, nthawi imodzi.

Anayesa kudzuka. Mutu unati tsika, mtima unati kwera, miyendo inati ife tili patchuthi.

Njira inali imodzi yomweyo. A marathoni ankakwera, a patatu ankatsikira ku damu, ndipo onse anadutsa pa a Yotamu, ena kumanja, ena kumanzere. Makochi, amene ankabwera pambuyo, anaima. Pansipo panali munthu wovala malaya a gulu la m'munsi, chisoti cha gulu la kumtunda chitapendekeka kumutu.

"Wothamanga wangayu watani?" anatero a Gomani.

"Wanu? Ameneyu ndi wanga."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire, awiriwo anayankhulana. A Gomani anati munthuyu Lolemba amapuma. Mayi Esinati anati Lolemba amawoloka damu kasanu ndi kamodzi, amapuma Lachiwiri. A Gomani anati Lachiwiri amakwera chikweza kasanu ndi kawiri. Anawerenga masiku onse a sabata, kufunafuna tsiku limene telalayo anagonapo, osalipeza. Mayi Esinati anagwira pakamwa, a Gomani anavula kapusi ngati afika pamaliro, kenaka onse awiri anaphulika kuseka. Pompo anagwirizana kuti ngati munthu akufuna zonse ziwiri, ndandanda ikhale imodzi, makochi aidziwe onse, kuthamanga kwa uku kuwerengedwenso uko, mipikisano italikirane miyezi, ndipo tsiku lopuma likhale lopumadi. Koma zimenezo zinali za chaka chamawa. Za chaka chino zinali zitapita: ku Blantyre kunapita wina, ku Salima wina.

Apo n'kuti Nangozo akutulukira ndi ambulera ndi fulasiki. Anali atafika ku phanga la m'munsi, anamuuza kuti amuna ake ali kuthengo. Anazungulira njira ya kuseri mpaka kumtunda, anamuuzanso kuti ali kuthengo. Anaima pamaso pawo n'kuwayang'ana mmene ankanjenjemerera, madzi akuchucha m'chisoti, pachifuwa palibe nambala, kumsana palibe nambala. Anathira tiyi m'chivindikiro n'kuwapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Imwani, bambo a Mwandida. Anzanu a phanga limodzi onse ndawaona, ngouma." Anawafunditsa chitenje. "Koma inu eni mapanga awiri."

A Yotamu anayetsemula. Ndipo Nangozo, akupinda ambulera yake, anamaliza ndi mawu amene a Gomani anakawabwereza m'munsi, mayi Esinati kumtunda, mpaka anafika m'mabuku athu:

"Mapanga awiri avumbwitsa."