Tsiku limene ndidatseketsa boda chifukwa cha mapitikoti

Mukadzamva anthu a pa boda ya Mchinji akukamba za chipolowe chimene chidachitika popanda womenya kapena womenyedwa, musadzafunse kuti adachiyambitsa ndani. Mudzangondipatsa moni n'kudutsa.

Zinali zaka zija matipate atangofika kumene, aliyense atazindikira kuti ali ndi ufulu, mpaka ufulu wogenda. Lero aphunzitsi anyanyala ntchito, mawa anyamata a chipani ichi athamangitsana ndi a chipani icho, mkuja madalaivala atseka msewu. Ife ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu tinkalandira utsi wokhetsa misozi (chinthu chokhacho chimene tinkagawiridwa mwaulere osaima pamzere).

Pa nkhani zimenezi ine ndinali katswiri. Anzanga ankangoti "kwavuta", koma ine ndinkasiyanitsa mavuto monga wogula fodya asiyanitsira magiredi. Mpungwepungwe, ndinkawaphunzitsa, ndi pakamwa chabe: anthu akulozana zala, iwe pitiriza kugulitsa, mwinanso ukwezeko mtengo poti pasonkhana anthu. Chisokonezo ndi pamene wina wagwira mnzake pakolala, apo yamba kuyang'ana njira. Chipwirikiti ndiye anthu, nkhuku ndi njinga zonse zikuthamanga osadziwa kolowera. Tsono chipolowe, miyala ili m'mwamba, ndipo wofunsa tanthauzo lake amakalimvera kuchipatala.

"Nanga zionetsero?" adandifunsa tsiku lina Nabanda, mayi wogulitsa tomato pafupi nane.

"Chimenecho ndi chipolowe chimene chidayamba chapempha chilolezo," ndidatero.

Katundu wanga ndinkayala pa chisaka chomwe ndidachimanga zingwe m'ngodya zonse. Kukoka kamodzi, sitolo yonse ili pamsana. Poona kuti mavuto sankandipeza pamalo, msika wonse udagwirizana kuti apolisi n'ngosafunika kuwayang'ana, koma zingwe zanga. Ndikakoka, onse anyamula. Udindowu unalibe malipiro, koma ndinkayenda nawo chifuwa chili patsogolo.

Katunduyo mwina mukufuna kumudziwa. Anali mapanti ndi mapitikoti a kaunjika. Ntchito yabwinobwino, yodyetsa banja. Vuto linali lakuti pofunsira mbeta ku Chiosya, kwawo kwa mkazi wanga, ndidanena kuti ndine kalaliki wolemba mapepala a mathiraki pa boda. Ndinkapitako nditavala tayi, zolembera ziwiri zili m'thumba la malaya (chimodzi chinalibe inki). Apongozi akazi adalengeza m'mudzi monse, mpaka kwa matenanti a ku esiteti, kuti thiraki siilowa m'Malawi mkamwini wawo asanasaine. Ndipo mukudziwa mwambo wathu: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi akazi, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Munthu amene sindiyenera kumuonetsa ngakhale mano, ndimuonetse mapanti?

Loweruka lina kudamveka mphekesera yoti andale ena akubwera kudzachititsa msonkhano, ndipo anyamata a mbali inayo alumbira kuti sizitheka. Aliyense ankagulitsa ndi diso limodzi, linalo lili pa zingwe zanga. Ine ndinali nditatambasula panti wamkulu m'mwamba, ndikukangana mtengo ndi mayi wina wa ku Chipata.

"Awe, mwadulitsa maningi," adatero mayiyo.

"Mayi, uyu ndi wa ku Ulaya! Tamverani lasitiki yake, mudzasiyira adzukulu!"

Ndili pakati pokuwa choncho, matola ina idaima kutsidya kwa msewu. Adatsika mayi wina, n'kusenza dengu, n'kulunjika pamene ndinali. Kuyenda kumeneko ndidakudziwa. Apongozi.

Sindidaganize. Ndidakoka.

"Wakoka! Wakoka!" adakuwa Nabanda kumbuyo kwanga.

Magiredi anga onse aja adadumphidwa. Mpungwepungwe sudaoneke, chisokonezo sichidapatsidwe mpata, tidangofikira pa chipwirikiti. Tomato adagubuduzika msewu wonse. Osintha ndalama, anthu oti sathamanga ngakhale mvula igwe, adadumpha ngalande ngati agwape. Bambo wina adasiya njinga ya makala n'kunyamula mbuzi ya eni. Alonda adatseka geti la boda, a mbali ya Mwami, ku Zambia, poona zimenezo adatsekanso lawo. Wapolisi wina adandipitirira liwiro chipewa chili m'manja.

"Ali mbali iti?" adafunsa akupuma wefuwefu.

Ndidaloza kumbuyo. (Sindidaname. Kumbuyoko kunalidi zoopsa.)

Ndikadatha kuima n'kukuwa kuti abale bwererani, ndi apongozi chabe. Koma mawu amenewo mungawanene bwanji pamaso pa anthu amene ataya kale tomato? Komanso pofika nthawi imeneyo ena anali atayamba kufotokoza kuti awaona ndi maso awo anyamata a zikwanje. Ndidayamba kuchita nawo mantha inenso.

Ndidakwawira pansi pa thiraki ina imene inkadikira mapepala. Ndidapezamo dalaivala wake, bambo wa ku Zambia wamimba yake, atagona pamphasa. Ndisanapume n'komwe, ndidaona dengu likulowa, kenako mutu, kenako munthu yense.

"Ambuye chitireni chifundo," adatero munthuyo asanaone kuti akulankhula ndi yani. "Anthu andiuza kuti nditsate wa chisaka, ndiye amadziwa kothawira. Mwanawe, chingwe chako chaduka, wakhala ukutaya katundu njira yonse. Ndakutolera."

M'dengumo, pamwamba pa mtedza umene ankatibweretsera, munali mapanti anga. Apongozi atadzutsa nkhope, maso athu adakumana, koyamba chikwatirire mwana wawo.

Tonse tidatembenuka nthawi imodzi, iwo kuyang'ana matayala akutsogolo, ine akumbuyo. Kuthawa kunalibe, poti kunja kunali chipolowe changa chomwe. Dalaivala adatsala pakati.

"Bambo inu," adatero apongozi, "tandifunsirani a kalalikiwo ngati amenewa ndiwo mapepala a thiraki yanu."

"Ba kalaliki," adatero dalaivala, "akuti aya ndiye mapepala?"

"Auzeni kuti ndi katundu wolandidwa ku kasitomu. Ndimakamusunga ku ofesi."

"Auzeni kuti wolandidwayo ndamumva akuitaniridwa kuti ndi wa ku Ulaya ndikadali m'galimoto," adatero apongozi.

Dalaivala adasiya kutumikira. Mimba yokha ndiyo inkagwedezeka ndi kuseka.

"Muwauzenso," adapitiriza apongozi, "kuti mkazi wawo adandiuza chaka chatha. Ndidangokhala chete poti tayi imawakhala. Lero ndabwera dala, amayi anzanga a kwaya akufuna mapitikoti oyera, ndiye ndimati kusiyana n'kukadyetsa achilendo ndikagule kwa mwana wanga. Sindimadziwa kuti kasitomala amathawidwa."

Chimene chinkandiwawa si iwo ayi, koma mudzi uja.

"Tawafunsani," ndidanong'ona, "ngati ku Chiosya zimveka."

"Zimveke bwanji? Ndidalengeza ndine. Ndikadzitsutse ndekha pamaso pa matenanti? Kumudzi adakali kalaliki. Koma auzeni kuti pakamwa pa nkhalamba pamatseguka msanga ngati palibe chotsekera."

Ine, amene ndidagulitsapo sokosi imodzi kwa munthu wa miyendo iwiri, ndidamva kuti ndakumana ndi mwini ntchito. Ndidakankhira chisaka kwa dalaivala, dalaivala adakankhira kwa iwo. Adasankha modekha, pansi pa thiraki pomwepo, akuunika pitikoti aliyense ndi kukoka lasitiki. Ong'ambika ankabweza kudzera kwa dalaivala yemweyo, ndi uthenga woti ndizisamala posankha belo. Za mtengo sadafunse, nanenso sindidayerekeze.

Titatuluka, kunja kunali zii. Andale aja sadabwere n'komwe. Msika udandizungulira, Nabanda ali patsogolo ndi beseni lopanda kanthu.

"Achimwene, mwaona chiyani?"

"Zandale izi, mayi, sizikambidwa pagulu," ndidayankha mozama.

Akadakhulupirira, koma dalaivala uja anali ndi masiku ambiri odikira mapepala ndipo analibe chochita. Pofika madzulo nkhani inali itawoloka kale boda popanda chiphaso. Ndidakhala mwezi wathunthu ndikusenzera Nabanda madengu a tomato kuti andikhululukire, ndipo mayi aliyense wachikulire akatsika matola, msika wonse unkakuwa kuti, "Koka!"

Apongozi adasunga pangano. Adazolowera kubwera nyengo ya Khirisimasi iliyonse, n'kuima chofulatira, n'kutuma aliyense wodutsa kuti andiuze kuti pakamwa payambanso kumasuka.

Mkazi wanga amati phunziro lake n'lakuti bodza ndi lodula. Mwina. Ine chimene ndidatolapo n'chakuti usanabisale pansi pa thiraki, uziyamba waona kuti malo ake ndi okwana munthu mmodzi yekha.