Bafa Loyenda la a Saulos

Inu amene mukulira kuti madzi avuta masiku ano, sendererani kuno ndikuuzeni za a Saulos Nyakamera, kalaliki wa paboma ku Nsanje, munthu amene anasambitsa tauni yonse chifukwa cha udzu.

Chinali chaka cha chilala cha 1922. Shire anaphwa mpaka sitima zapamadzi zinaleka kufika padoko, ndipo wofuna madzi a mumtsinje ankayamba wadula matope ofika m'mawondo, kenaka n'kukakambirana ndi ng'ona. Tauni yonse inkamwa pachitsime chimodzi.

Tsono a Saulos anali ndi kanyumba kawo ka njerwa m'mbali mwa msewu wochokera kusiteshoni ya njanji. Anthu onse pakhomo amasesa kuti njoka izionekera patali, koma iwo anadzalapo kapinga ngati kwa Azungu. Tsiku lina Mzungu wa paboma, amene anthu ankamutcha Bwana Thukuta, akudutsa pagaleta anayang'ana kapingayo n'kugwedeza mutu. Amene analipo amati ankaingitsa ntchentche. A Saulos anaona lonjezo. Mpando wa kalaliki wamkulu unali wopanda munthu, Bwana anali atanena kuti adzasankha akabwerako ku Zomba, ndiye m'mutu mwa a Saulos nkhani inali yachidule: Bwana akadzapeza kapinga ali wobiriwira, mpando ndi wawo.

Koma Bwana yemweyo ponyamuka anasiya lamulo, ndipo Damiano, mesenjala wa paboma, analiyendetsa khomo ndi khomo.

"Madzi a pachitsime ndi akumwa, ophikira ndi osamba. Wothirira maluwa kapena udzu, kundende."

"Nanga kapinga wa kwa Bwana?" anafunsa a Esinala, akazi a a Saulos.

"Ujayo amathirira akaidi ndi madzi a ku Shire. Muli nawo akaidi inu, mai?"

A Esinala analibe akaidi. Anali ndi mwana mmodzi, Priska, mai awo okalamba, ndi mwamuna wovala suti yoyera amene sakanasenza debe ngakhale nyumba ikupsa.

A Saulos anakumbukira chithaphwi china kudambo kuseri kwa tauni, chimene palibe ankatungapo.

"Abambo a Priska, mwafunsa chifukwa chake anthu satunga pamenepo?"

"Umbuli, mai a Priska. Anthu osapita kusukulu amaopa ngakhale madzi."

Safunsa anadya phula. Dambolo ndi limene amai amaphikako mchere. A Esinala anatunga, anathira monga anauzidwa, ndipo posakhalitsa mbali yonse ya kumpoto inapserera, pansi n'kuyera mbee. Amai odutsa ankaima n'kufunsa mwaulemu ngati a kalaliki angawalole kupalako pang'ono. A Esinala anapala okha, ndipo mlungu umenewo a Saulos anadya nsomba zokoleretsa ndi kapinga wawo yemwe osadziwa.

Wina akanalekera pomwepo. Koma inu, munthu wodziwa kuwerenga ndi woopsa. A Saulos anakhala pakhonde n'kulitafuna lamulo lija mpaka anapeza pofewa. Lamulo limalola kusamba. Silinena posambira.

M'mawa mwake anazula bafa kuseri kwa nyumba. Anamanga lina la bango lopepuka, losakumbira pansi, loti anthu awiri n'kulinyamula, ndipo analiimika pakati pa kapinga, kumaso, m'mbali mwa msewu. Munthu akasamba, bafa lisunthe. Banja lonse linayamba kusamba m'mawa, masana ndi madzulo mpaka khungu la Priska linatuwa.

Vuto linali apongozi, a Evelesi. Mkamwini kwathu kuno sayang'anizana ndi apongozi, nanji kukamba nawo za kusamba. Ndiye a Saulos ankaima kuseri kwa bafalo n'kumatuma akazi awo.

"Kawauzeni amai kuti lero asambire cha kumsewu, kuli chigamba chouma. Ndipo asamaime malo amodzi, aziyendayenda."

Gogoyo anamva yekha, poti khoma la bango silisunga chinsinsi. Anamanga katundu wake pamutu n'kuima pabwalo, nkhope ataloza kumtengo.

"Esinala, uwauze amuna ako kuti ndabala ana, ndaika mwamuna m'manda, koma sindinakhalepo mtambo wa mvula. Ndikupita kwa Mlolo."

Osamba atachepa, a Saulos anayamba kuitana odutsa. Asodzi ochokera kudambo ali matope okhaokha, amalonda ochokera ku Marka, onse ankaimitsidwa pamsewu ndi kalaliki wa suti yoyera akuwafunsa ngati sakumva kutentha. Sopo anali waulere. Munthu ankangokatunga debe lake pachitsime, n'kulowa m'bafa, n'kutuluka akuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, a kalaliki." Anthu amene sanasambepo chiyambire chilala anasamba, ena anabwera ndi abale awo. Kapinga anadzuka. Ankanunkha mamba a nsomba, ntchentche zili ng'waa, koma anadzuka.

Damiano anafika atakwiya, Chisena chili pakamwa.

"Ninji ichi, a Saulos?"

"Anthu akusamba. Lamulo likuletsa kusamba?"

"Nkhabe."

"Likunena posambira?"

"Nkhabe."

"Ndiye inunso vulani yunifolomuyo, mwatuluka thukuta. Cha uko kuli pouma."

Damiano anabwerera akumeza mate owawa.

Apa pokha ine sindiseka. Chitsime chinatsika, chingwe anachilumikiza kawiri, ndipo amai ankakhala padzuwa theka la tsiku kudikira kamtsuko ka madzi ofiira. A Esinala akafika pamenepo anzawo ankangokhala chete n'kuwapatsa msana. Zinawapweteka kwambiri, poti ena mwa amaiwo anakulira nawo limodzi.

"Abambo a Priska, ana a anthu akumwa matope, inu mukumwetsa udzu."

"Mudzandithokoza mukadzakhala mkazi wa kalaliki wamkulu."

"Ndidzakhala ndikutunga kuti?"

A Saulos anali atatulukira kale pabwalo. Anali akuthamangitsa mbuzi ndi ambulera, chifukwa mbuzi zonse za pa Nsanje zinali zitauzana kuti chobiriwira chatsala pakhomo limodzi lokha.

Tsiku lobwera Bwana linafika. Tauni yonse inakhamukira kusiteshoni, osamba panalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo a Saulos poyendera kapinga wawo anapeza chigamba chachikasu m'mphepete mwenimweni mwa msewu, pomwe diso la Bwana lidzayambire. Anaitana a Esinala kuti asambe. A Esinala anati asamba kale kokwanira mpaka chaka cha mawa. A Saulos anawerengera kuti sitima ya pamtunda sifika pa nthawi yake, anakokera bafa pachigambapo, anakoleka suti pabango n'kulowa. Chisoti chokha sanavule, poti dzuwa linali paliwombo.

Tsiku limenelo sitima inafika pa nthawi yake.

Mukudziwa kamvuluvulu wa mwezi wa Okutobala kuchigwa kuno, amene amayamba ngati masewera a fumbi. Anadzera kumsika, anatola madengu awiri, anawoloka msewu, n'kupeza bafa losakumbira pansi. Linanyamuka lonse ndi suti yomwe, n'kukatera padenga la oyandikana nawo. Fumbi litatsika, galeta la Bwana linali litaima pamsewu, la Dona, mkazi wake, pambuyo pake, Damiano pambali, ndi khamu lonse la kusiteshoni kumbuyo. Pakati pa kapinga wobiriwira bwino panaima kalaliki wa boma, thovu la sopo thupi lonse, chikho m'manja.

Tsono munthu ali ndi chisoti chimodzi, ndipo pofunika chisoti ndi pawiri. Wanzeru akanadziwa pochiika. Koma masiku amenewo munthu wakuda akaona Mzungu ankavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, ndipo a Saulos anali atachita zimenezi zaka zambiri mpaka dzanja linazolowera. Anavula, anachigwira pachifuwa, anawerama pang'ono.

"Mwafika bwino, Bwana?"

Dona anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Amai a pachitsime sanayang'ane kumbali, anali atadikira nthawi yaitali.

Mlandu sunatalike. A Saulos anafotokoza bwino lomwe kuti lamulo silinena posambira, Damiano anavomera kuti silinenadi, amai anabweretsa mtsuko wa matope n'kuuika patebulo. Bwana Thukuta anausuzumira pang'ono n'kuukankhira kumbali. Chimene chinamudya mtima chinali china, ndipo anachinena yekha: zingatheke bwanji kapinga wa kalaliki kubiriwira kuposa wa Bwana, pomwe wa Bwana ali ndi akaidi? Chilango chinali mwezi wathunthu kusenza madebe kuchokera ku Shire kukathirira kwa Bwanako. Mpando wa kalaliki wamkulu anaupereka kwa mnyamata wina wochokera ku Blantyre, amene pakhomo pake panali fumbi lokhalokha.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. A Saulos anadula matope aja, anathawa ng'ona, khosi linalowa m'mapewa. Koma luso ndi luso. Sanapirire kuona akaidi anzawo akukhuthula madzi malo amodzi, anayamba kuwalangiza pothira ndi nthawi yothira, ndipo mwezi usanathe kapinga wa Bwana anabiriwira mpaka Azungu a ku Chiromo ankabwera kudzamuona. Bwana anakondwa kwambiri moti anati munthu wotere n'kumuwononga kumubwezera ku ofesi. Anawaika ukapitawo wa akaidi othirira, malipiro theka la akale.

A Esinala anatenga khasu, anapala kapinga yense pakhomo n'kusesa bwalo, ndipo anzawo pachitsime anayambanso kuwayankha moni. A Saulos ankadutsa m'mawa uliwonse kupita kumtsinje, suti yoyera ili matope mpaka m'chiuno, chisoti kumutu, akaidi ali pambuyo ndi madebe. Wina akawafunsa monyogodola ngati kukwezedwa kuja kunatheka, ankaima n'kukonza kolala.

"Funsani Damiano. Pa Nsanje ponse pano, munthu wakuda wololedwa kuthirira kapinga ndine ndekha."