Kufunafuna malume m'malamulo a Western Australia

Lolemba

Mlongo wanga Chisomo waimba kuchokera ku Ellenbrook. Akuti mwamuna wake Greg, mzungu wa konkuno, akufuna kutenga Tadala, mwana wa Chisomoyo, kuti akhale mwana wake mwalamulo, dzina ndi zonse. Tadala ali ndi zaka 13, bambo ake anamwalira ku Dedza iye ali wakhanda. "Ndimangokudziwitsani, achimwene." Kundidziwitsa! Ine malume, mwini mbumba! Kwathu mwana wa mlongo wako sasuntha iwe usanatsegule pakamwa.

Zochita:
1. Kupeza lamulo lonena kuti malume ayenera kuvomereza.
2. Kulisindikiza.
3. Kukaliwerenga pamaso pa Greg Loweruka, nditavala jekete.

Lachiwiri

Nthawi yopuma kuntchito, kuchipatala ku Nedlands. Ndasindikiza mulu wa masamba, ndadula mizere ndi cholembera chofiira mpaka inki yatha. Nesi mnzanga wa ku Zambia wasuzumira tsamba loyamba: "Mudala, aya ni ya ku Queensland." Kani chigawo chilichonse kuno chili ndi malamulo akeake a ana. Dziko limodzi! Masambawo mkazi wanga wayala m'kabati ya mbale.

Lachitatu

Ndapeza malamulo a Western Australia enieni. Ndafufuza pamene atchula malume. Alipo! Ndaimirira. Ndawerenga. Ndakhalanso pansi. Atiika pa mndandanda wa achibale wamba, mzere umodzi ndi azakhali, ngati tomato ndi anyezi pa benchi. Oyenera kuvomereza: mayi, bambo ngati alipo, komanso mwana mwini wake ngati wakwana zaka 12. Mwana! Yemweyu ndinkamupukuta mamina.

Lachinayi

Ndaimbira ofesi yoona za ana. Wayankha mayi waulemu kwabasi. Mwana ali pangozi? Ayi. Greg amamuzunza? Ayi, amapita naye kosambira, homuweki amamuthandiza. Nanga vuto n'chiyani? Ndafotokoza za mbumba mpaka Chingerezi chandithera. Akuti n'zokondweretsa kuti mwanayo ndimamukonda, ndipo andifunira tsiku labwino.

Lachisanu

Ndaimbira malume anga ku Dedza, mwina akulu aona poyambira. "Usalole! Kanene kwa a DC akumeneko." Kuno kulibe DC. "Nanga mumalamulidwa ndi ndani?" Netiweki yaduka.

Mkazi wanga: "Inu mukufuna lamulo kapena mukufuna kupemphedwa?" Jekete ndasita ndekha.

Loweruka

Sitima ya ku Ellenbrook, dzuwa likuswa mtengo, ine m'jekete. Greg wandipatsa moni ndi manja awiri, "Takulandirani alamu," kenako wandigwiritsa chotembenuzira nyama. Mapepala atsala m'chikwama pakhonde.

Ndamufunsa Tadala m'Chichewa ngati zimenezi akuzifunadi. Wayankha m'Chingerezi chake chapamphuno kuti iye wakhala akumutchula Greg kuti dadi kuyambira ali ndi zaka zisanu, tsono akungofuna zilembedwe. Ndakonza kukhosi, ndanena mokweza: "Chabwino. Ndalola." Onse aomba m'manja, ngakhale palibe anandifunsa. Soseji zapserera.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Zandipweteka, ndisaname. Greg alibe mlandu, mwana alibe mlandu, ndipo n'zimenezo zikundivuta, chifukwa ndilibe woti ndimukwiyire.

Madzulo ano Tadala wanditumizira chithunzi pafoni, popanda mawu. Ndi fomu ya kusukulu, ya anthu oimbiridwa mwana akadwala kapena akavulala. Woyamba mayi ake. Wachiwiri Greg. Wachitatu ine. Pomwe afunsa ubale walembapo yekha ndi dzanja lake lopendama kuti "Malume", osamasulira.

Ndiye udindo wanga ku Western Australia ndi umenewo: anthu awiri akapanda kuyankha. Foni ndaichotsa pa sailenti.