Moni wa a Matiyasi pakhonde la chipatala

Linali Lachiwiri, naini koloko m'mawa, pomwe ndinatsala pang'ono kutumiza alongo anga ku Lusaka popanda chifukwa.

Alongo angawo, a Matiyasi, ndi aakulu kwa ine. Anabadwa ndi chija madokotala amati dauni sindiromu, ndipo mtima wawo uli ndi bowo. Chaka chino ankafunitsitsa kunyamula mtanda pa Lamulungu la Kanjedza kutchalitchi kwathu ku Kasanda, koma abambo mfumu anati ayambe avomera achipatala. Amayi anali ndi malungo, choncho ndine ndinawaperekeza a Matiyasi kuchipatala, mwana kumsana.

Anesi anawapana chala ndi kachipangizo, n'kutisonyeza khonde lalitali. Anati ayende uku ndi uku kwa mphindi sikisi, aone mtunda umene mtimawo ungapirire. Zina anafotokoza m'Chingerezi chosakaniza ndi Chibemba. Ine ndinkangoti inde (ndikachita manyazi, inde amatuluka yekha). Kenako anakaima kumapeto kwa khonde, wotchi m'manja.

Tsoka ilo, m'mbali mwa khondelo munali mabenchi, pamabenchipo azigogo. Kwathu sitidutsa akulu ngati mitengo. A Matiyasi atangoyamba kuyenda mwachangu, ndinawanong'oneza kuti apereke moni, angatichititse manyazi. Sanafune kuuzidwa kawiri. Aliyense anamugwira chanza ndi manja awiri, atawerama, kufunsa za kunyumba ndi za ana. Agogo ena a kukomboni ya Railways anayamba kuwafotokozera za bondo lawo. Pobwerera anayambiranso, ngakhale anthu anali omwewo. Ine pambuyo ndikuwakupiza ndi chitenje, poti ndinkaganiza kuti akatuluka thukuta ndiye kuti alephera.

Anesi, poonera patali, ankayesa kuti akuima ndi kutsamira anthu chifukwa cha befu. Titalowa kwa adokotala, anesi anawafotokozera zimenezo ndipo adokotalawo anavula magalasi. Anati munthu woima pafupipafupi chonchi sanganyamule mtanda, afunika akaonedwe ku Lusaka. A Matiyasi anagwetsa nkhope.

"Munali kubanika, bambo?" anafunsa adokotala.

"Iyayi. Koma agogo aja bondo lawavuta maningi."

Apa mpomwe ndinafotokoza zonse, maso pansi, mwana akundikoka duku. Anesi ananditembenukira.

"Mayo, manje tinali kupima mtima olo ulemu?"

Anatiuza kuti tikabwerenso Lachisanu, ine ndikadikire panja.

M'mawa mwake ndinawatulutsa a Matiyasi kuti tiphunzire kudutsa anthu osaima. Nyumba zoyamba tinapitirira bwinobwino. Kenako tinapeza apongozi anga akusesa panja. A Matiyasi anadutsa khosi lili njo ngati msilikali, osapuma ngakhale pang'ono. Atafika pamjigo anacheuka kuti ndiwayamikire. Anandiona ndili kutali, nditagwada kale.